Kwa akuluakulu a zaumoyo: zimene namwino amaona zipezenso malo m'kompyuta

Kwa inu akuluakulu amene mumasankha ndi kuvomereza makina a kompyuta a m'zipatala zathu, kwa akatswiri amene mumawakonza, ndi kwa abwenzi akunja amene mumathandiza ndi ndalama,

Ndakupatsani moni mwaulemu wonse, ndipo ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ine ndine namwino komanso mzamba. Ndagwira ntchito zaka zambiri m'mawodi a chipatala cha boma, masana ndi usiku womwe. Ndalemba poyera kuti anamwino anzanga, ophunzira athu, ndi aliyense amene anayalapo chitenje pansi pafupi ndi bedi la m'bale wake ngati gadiyani awerenge nawo ndi kuuzako ena. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake ndagogoda kwa inu.

Poyamba ndithokoze, chifukwa pali zambiri zoti tiyamikire. Mu 2001 gulu lomwe linadzadziwika ndi dzina loti Baobab Health linayamba kuika makina ongodina ndi chala pa sikirini pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chomwe lero timati Kamuzu Central. Mu 2006 makina otere anayamba kugwira ntchito kopereka ma ARV ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Aliyense wa ife amene anagwirapo ntchito ku ART, kumene timaperekera ma ARV, akudziwa ubwino wake. Munthu wafika, mwaunika kapepala ka barcode komata pa buku lake la kuchipatala, pomwepo mukuona tsiku limene anayamba mankhwala, sikelo yake ya ulendo wapita ndi mapilitsi amene ayenera kukhala atatsala nawo. Malipoti a pamwezi nawonso amalowa mu DHIS2, pulogalamu yomwe inachokera ku yunivesite ya Oslo, ndipo kulikulu amaona manambala popanda kudikira galimoto yonyamula mapepala. Makina amenewa anathetsa mavuto enieni a nthawi yawo.

Koma anamangidwa kuti azisunga dzina la matenda, mankhwala ndi chiwerengero cha anthu. Zimene namwino amaona, kulingalira ndi kuchita kuchokera pamene dokotala watuluka mu wodi kufikira pamene adzalowenso sizinapatsidwe malo. Tsopano makompyuta akufalikira m'magawo ena a zipatala. Ndikuopa kuti tikakhala chete, mabokosi a pa sikirini adzakhazikitsidwa popanda ife, ndipo kudzawasintha pambuyo pake kudzatenga zaka.

Dandaulo langa loyamba ndilifotokoze ndi usiku umodzi.

Inali cha m'ma 2 koloko usiku. Mu wodi ya amayi amene angobereka kumene tinalimo awiri, ine ndi wophunzira mmodzi. Pa bedi la pakona panali mayi amene anachitidwa opaleshoni madzulo ake. BP yake inali bwino, thupi silinatenthe. Koma madzulo mayiyu anali kucheza ndi wa pa bedi loyandikana naye, ndipo tsopano anali zii, maso kukhoma. Apongozi ake, amene anali gadiyani, ananditsatira mpaka pakhomo n'kundinong'oneza kuti, "Anesi, mwanayu akungoti ludzu, ludzu." Ndinamugwira dzanja, linali lozizira, zikhatho zayera. Ndinayang'ana pa tchati: kugunda kwa mtima kunali 88, kenako 96, ndipo pamene ndinawerenga ndekha kunali 110. Ndinagwira pamimba, chiberekero chinali chofewa m'malo mokhala cholimba ngati mpira. Nditakweza bulangeti ndinapeza nsalu zanyowa magazi. Ndinatikita chiberekero, tinapereka oxytocin, mankhwala olimbitsa chiberekero kuti magazi asiye, tinaika diripi yachiwiri, wophunzira uja anathamanga kukaitana adokotala. Mayiyo anatuluka m'chipatala ali moyo, khanda lake kumanja.

Zimene zinapita m'manambala a mwezi umenewo ndi izi: wabereka mwa opaleshoni, anataya magazi ambiri, ali moyo. Zonsezo n'zoona. Koma chimene chinamupulumutsa, kukhala chete kuja, ludzu lija, mtima wothamangirathamangira BP isanatsike, mawu a apongozi aja, ndinazilemba m'buku la ripoti. Bukulo litadzaza linaikidwa m'katoni m'chipinda chosungira katundu, momwe mabuku ena akale ndinawaona atadyedwa ndi chiswe. Wophunzira wa chaka chamawa sadzaliwerenga. Wofufuza amene akufuna kudziwa chifukwa chake amayi ena amapezeka msanga pamene ena amachedwa sadzalipeza. Usiku ngati umenewu umachitika m'mawodi ambiri m'dziko muno, ndipo nzeru yake imathera m'makatoni.

Dandaulo lachiwiri ndi la mawu. Apa ndichedwapo pang'ono, chifukwa ndi pamene pagona nkhani.

Kompyuta simva ngati munthu. Timalemba m'Chingerezi, koma aliyense mwa njira yake. Chilonda chimene chimabwera wodwala akagona mbali imodzi nthawi yaitali, wina alemba bedsore, wina pressure sore, wina angoti chilonda chapamsana. Namwino mnzanga akawerenga amadziwa kuti ndi chinthu chimodzi. Kompyuta imaona zinthu zitatu zosiyana, ndipo singathe kuziwerengera pamodzi. Madokotala vuto ili analichepetsa kale ndi mndandanda wa matenda wa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO wotchedwa ICD, momwe nthenda iliyonse ili ndi nambala yakeyake. N'chifukwa chake malungo a ku Nsanje ndi malungo a ku Chitipa amatha kuphatikizidwa pa tebulo limodzi. Ntchito ya namwino nayonso ili ndi mndandanda wotere, kungoti pa makina amene ndagwiritsapo ntchito sindinaupezepo.

Mu 1989, pa msonkhano wake ku Seoul, bungwe la anamwino a dziko lonse la International Council of Nurses linagwirizana zoti pakhale chinenero chimodzi chofotokozera ntchito ya unamwino. Chinatuluka ndi ICNP, ndipo kuyambira mu 2021 mawu ake akupezeka mkati mwa SNOMED CT, mndandanda waukulu wa mawu a zachipatala umene makompyuta a m'mayiko ambiri amagwiritsa ntchito. Maganizo ake ndi osavuta. Cholemba cha namwino chimakhala ndi mbali zitatu: vuto limene wapeza, chimene wachitapo, ndi zotsatira zake. Titenge agogo amene afa ziwalo mbali imodzi. Vuto ndi lakuti ali pa chiopsezo chotuluka zilonda za pabedi. Chochita ndi kuwatembenuza maola awiri aliwonse, kusunga khungu louma ndi kuphunzitsa gadiyani katembenuzidwe kake. Zotsatira ndi zakuti patatha masabata awiri khungu silinang'ambike. Chilichonse mwa zitatuzi chikakhala ndi nambala yake, kompyuta imatha kuyankha mafunso amene lero palibe angawayankhe: ndi odwala angati anali pa chiopsezo, angati anatembenuzidwa, angati anatuluka zilonda, ndipo usiku umenewo mu wodi munali anamwino angati. Dziko la Belgium lakhala likusonkhanitsa zolemba za ntchito ya anamwino m'zipatala zake mwa lamulo kuyambira mu 1988. Norma Lang, namwino wa ku America amene anali m'gulu la oyambitsa ntchito ya ICNP, anachenjeza mu 1992 kuti chinthu chimene sitingachitchule dzina sitingachiyendetse, sitingachipezere ndalama, sitingachiphunzitse, sitingachifufuze, ndipo sitingachiike m'ndondomeko za boma. Chilonda chimene sichinatuluke chifukwa namwino anadzuka kanayi usiku sichioneka paliponse m'malipoti athu.

Sindikunena kuti tingotenga mndandanda wakunja n'kuumata pa sikirini momwe ulili. Odwala athu salankhula ICNP. Mayi wa pakati akati "matenda ayamba" akutanthauza kuti nthawi yobereka yakwana. Bambo akati "ndili ndi malungo" mwina akungonena kuti thupi likuphwanya ndi kutentha, ndipo kuyeza magazi kukhoza kusonyeza kuti malungo mulibe. "Mtima ukuthamanga" ikhoza kukhala nthenda ya mtima, kuchepa magazi, kapena nkhawa ya mayi amene wasiya ana okha kunyumba. "Ndapita padera", "mutu waukulu", "m'mimba mukupotokola", "ndikubanika": namwino amamasulira zonsezi m'mutu mwake tsiku lililonse, ndipo anzathu a ku Mzimba, ku Mangochi ndi ku Chikwawa amachita chimodzimodzi ndi Chitumbuka, Chiyao ndi Chisena. Kumasulira kumeneku ndi luso, ndipo kukalakwika kompyuta imasunga cholakwikacho mokhulupirika. Palinso ntchito zina zimene kwathu kuno ndi zazikulu kuposa momwe zilili kumayiko kumene mindandanda ija inalembedwa. Kuno gadiyani ndiye amadyetsa, kusambitsa ndi kutembenuza wodwala, choncho kuphunzitsa gadiyani ndi theka la unamwino wathu. Wodwala amene alibe gadiyani ali pa chiopsezo chachikulu, ndipo namwino aliyense amadziwa zimenezi akangomuona. Bokosi lolembapo zimenezi lili kuti?

Kuti nzeru ya mzamba ikhoza kuikidwa bwino pa tchati tili nawo umboni m'manja mwathu, ndiwo partograph, tchati chotsatirira momwe kubereka kukuyendera. Mu 1972 Hugh Philpott ndi mnzake Castle, akugwira ntchito mumzinda umene lero ndi Harare, anajambula mizere iwiri pa pepala, wina wochenjeza, wina wolamula kuchitapo kanthu, motalikirana maola anayi. Cholinga chinali chakuti mzamba wa kuchipatala chaching'ono adziwe nthawi yotumiza mayi kuchipatala chachikulu. Pepala limenelo limaganiza nawe limodzi. Ukamalemba kugunda kwa mtima wa mwana mphindi 30 zilizonse ndi kutseguka kwa khomo la chiberekero maola anayi aliwonse, chithunzi chimadzionetsa chokha. Mu 2020 WHO inatulutsa tchati chatsopano, Labour Care Guide, ndipo anaikamo mizere ya zinthu zimene kale zinkaoneka ngati zazing'ono: kodi mayi ali ndi womuperekeza, akumwa madzi, wathandizidwa pa ululu, wagona kapena kukhala motani. Chisamaliro chenicheni cha mzamba chinapeza malo pa tchati. Chimene ndikupempha ndi chakuti makompyuta athu amangidwe ndi mtima umenewu.

Dandaulo lachitatu ndi kulemba chinthu chimodzi kambirimbiri. Wodwala mmodzi ndimamulemba m'buku lake la kuchipatala, mu rejisitala, mu fayilo, pa tchati cha mankhwala, m'buku la ripoti, ndipo kumapeto kwa mwezi ndimawerenganso mizere ya rejisitala ndi chala kuti ndidzaze fomu. Pachipatala pathu kompyuta itabwera m'gawo lina, palibe buku limodzi lomwe linachotsedwa. Inangokhala katundu wowonjezera pamutu pa munthu amene wasenza kale. Zotsatira zake zimadziwika. Namwino amayamba ndi wodwala, monga ayenera, ndipo zolemba amazisiya mpaka kumapeto, n'kudzalemba za m'mutu atatopa. Nthawi zina amadzalowetsa ndi kalaliki patapita masiku, pochokera pa pepala lolembedwa mothamanga, ndipo kalalikiyo wodwalayo sanamuonepo. Manambala oterewa akafika kulikulu amaoneka aukhondo, koma ife amene tinali pomwepo timadziwa kuti ena ndi ongokumbukira.

Lachinayi ndi lalifupi. Magetsi amathima, netiweki imasowa, ndipo kompyuta imodzi yokhala patebulo la anamwino siingatumikire wodi yodzaza mpaka ena agona pansi. Palinso nkhani ya pasiwedi. Ndinagwirapo ntchito pamalo pamene tonse tinkalowa ndi dzina limodzi, pasiwedi yake italembedwa pa kapepala komata pakhoma. Kusukulu anatiphunzitsa kuti chimene sichinalembedwe sichinachitike, ndiponso kuti ukalemba usayine. Pa dzina la tonse, wasayina ndani? Tsiku la mlandu adzafunsidwa ndani? Ndipo wodwala amene watiuza zachinsinsi chake, sikirini itayang'ana kumene kumadutsa magadiyani, tamuteteza bwanji? Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makina, Data Protection Act ya 2024. Lamuloli liyenera kufika mpaka pa tebulo la mu wodi.

Lachisanu ndi lakuti timaitanidwa mochedwa. Kawirikawiri namwino amakumana ndi pulogalamu yatsopano pa tsiku la maphunziro, zonse zitatha kale. Ndinakhalapo pa maphunziro otere. Nditafunsa pamene ndingalembe kuti wodwala wakana chakudya masiku awiri ndipo wasiya kulankhula, anandisonyeza kabokosi ka ndemanga kumapeto kwenikweni, komwe sikaoneka kwa wina aliyense pokhapokha atakafunafuna. Mphunzitsiyo anali waulemu ndipo analemba funso langa. Sindinamvenso kanthu. Anyamata ndi atsikana amene amakonza mapulogalamuwa ndi aluso, ambiri ndi ana athu a m'dziko momwe muno, koma sanagonepo pa naiti. Sangadziwe kuti nthawi yopatsirana ripoti m'mawa ndi pamene zofunika za wodwala zimaiwalika mosavuta, ngati palibe amene wawatengera kumeneko.

Kusaoneka kumeneku kuli ndi mtengo wake. Pamene mukugawa anamwino m'zipatala mumayang'ana manambala. Manambala akangonena za mabedi ndi matenda, wodi ya odwala khumi amene sangadzuke okha imaoneka yopepuka kuposa wodi ya odwala makumi awiri oyenda okha, pamene zoona zake n'zosiyana. Amene amavutika ndi agogo aja, amene usiku umenewo sanatembenuzidwe chifukwa namwino anali mmodzi.

Ndiye mwaulemu ndikupempha izi.

1. Anamwino ndi azamba amene akugwira ntchito m'mawodi akhale nawo pokonza makina kuyambira tsiku loyamba, pamene mabokosi akusankhidwa. Pakhale wa kuchipatala chachikulu, wa chaboma, wa kuzipatala za mishoni za CHAM, ndi wa kuchipatala chaching'ono chakumudzi kumene namwino mmodzi amaona sikelo, kubereketsa ndi kugawa mankhwala. Mamatroni akhalepo, koma asakhale okha.

2. Pakhale mndandanda umodzi wa dziko lonse wa mawu a unamwino, wolumikizidwa ku ICNP ndi SNOMED CT kuti tisayambe pa ziro ndiponso kuti zolemba za chipatala china zizimveka kuchipatala china. Tili nawo oyenera kutsogolera ntchitoyi: khonsolo yoyang'anira ntchito yathu ya Nurses and Midwives Council of Malawi, bungwe lathu la anamwino ndi azamba la NONM, aphunzitsi a ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ndi a m'makoleji a CHAM. Tiyambe pang'ono, ndi mavuto amene timakumana nawo tsiku ndi tsiku kwa amayi oyembekezera, ana ndi odwala ogonekedwa nthawi yaitali. Pambali pa liwu lililonse palembedwe momwe odwala amanenera m'zinenero zathu, ndipo zathu zija, monga kuphunzitsa gadiyani ndi kusowa gadiyani, zilowemo.

3. Cholemba chilichonse cha namwino chikhale ndi malo a vuto, chochita ndi zotsatira. Koma musatichotsere malo olemba mawu athuathu. "Sakundisangalatsa, muoneni pafupipafupi" ndi chiganizo chimene chapulumutsa anthu ambiri, ndipo sichingalowe m'bokosi lodina. Chizionekera pamwamba, pamaso pa amene akulandira ripoti ndi pa dokotala, osati kumapeto. Kugunda kwa mtima, BP, kupuma ndi kutentha kwa thupi zizioneka ngati mzere woyenda, kuti 88, 96, 110 ija iziwoneka kuti ikukwera.

4. Sikirini yatsopano iliyonse ibwere ndi kalata yonena buku kapena fomu imene ikuchotsedwa, ndi tsiku lake. Lipoti la pamwezi lizituluka lokha kuchokera pa zimene talemba kale.

5. Makina azigwira ntchito netiweki ikasowa n'kudzatumiza ikabwera, akhale ndi mabatire kapena sola, ndipo pakhale zipangizo zokwanira zonyamula kupita nazo pa bedi. Wogwira ntchito aliyense akhale ndi dzina ndi pasiwedi yake, kuphatikizapo ophunzira ndi obwera kudzathandiza kwa masiku ochepa.

6. Zimene tasonkhanitsa zizibwerera kwa ife. Wodi iliyonse izitha kuona mwezi ndi mwezi kuti odwala angati anatuluka zilonda, angati anagwa, mankhwala angati anachedwa, pamodzi ndi chiwerengero cha anamwino amene analipo. Manambalawa agwiritsidwe ntchito pogawa antchito ndi pophunzitsa. Akasanduka chikwapu chokwapulira namwino amene anali yekha ndi odwala makumi asanu, anthu adzayamba kulemba zokometsera, ndipo ntchito yonse idzakhala yopanda pake.

7. Boma liike ndalama zake m'bajeti zosamalira makinawa, ndipo luso lowakonza likhale m'manja mwa Amalawi. Tonse tinaona mu Januware 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake lakunja, momwe ntchito zambiri za HIV zimene zinkadalira PEPFAR, ndondomeko ya America yolimbana ndi Edzi, zinagwedezekera. Mbiri ya wodwala isamadalire chisankho cha ku Washington. Kalembedwe ka m'kompyuta kaziphunzitsidwanso m'sukulu za unamwino, kuti wophunzira asadzakumane nako koyamba atavala kale yunifolomu.

Ndikudziwa kuti ndalama n'zochepa ndipo zofunika n'zambiri: mankhwala, magazi, mafuta a ambulansi. Koma pempho loyamba ndi lachiwiri safuna nyumba yatsopano kapena makina odula. Akufuna kuti anthu oyenera akhale pansi pamodzi nthawi isanathe, ndipo anamwino ofunitsitsa kutero alipo ambiri.

Musanasayine pulogalamu yotsatira, tumizani mmodzi wa inu ndi mmodzi wa akatswiri okonza makina kuti adzakhale nafe usiku umodzi wathunthu, mu wodi iliyonse imene mungasankhe. Adzafike madzulo pamene tikulandira ripoti, adzayende nafe bedi ndi bedi ndi tochi magetsi akathima, ndipo m'mawa adzaime pambali pamene tikupereka ripoti kwa anzathu. Adzatenge buku la ripoti la usiku umenewo, aliike pafupi ndi sikirini, ndipo mzere ndi mzere tidzaone limodzi kuti ndi ziti zalowa ndi ziti zatsala. Mpando tidzawapezera.

Ndine wanu mwaulemu,

Namwino ndi mzamba,
pachipatala china cha boma